Maere a Wimbledon 2024 kwa amayi atuluka: ndani adzanyamule mbale pa 13 Julayi?

Mlonda_wa_Neti (Lachisanu, 28 Juni)

Abale okonda tenisi, maere a amayi achitika lero ku All England Club ku London, kumene Wimbledon imaseweredwa pa kapinga. Masewera ayamba Lolemba pa 1 Julayi, fainolo ili Loweruka pa 13. Ndawayang'anitsitsa, ndipo chomwe chandigunda m'maso n'chakuti mbali ya pamwamba yadzaza mpaka kusefukira. Iga Swiatek, Elena Rybakina, Marketa Vondrousova amene akuteteza ukatswiri, Jessica Pegula, Ons Jabeur, Jelena Ostapenko, Elina Svitolina, Danielle Collins, onsewa apanikizana kumodzi, ndipo wodzatuluka kupita ku fainolo ndi mmodzi yekha. Mbali ya pansi kuli Coco Gauff, Aryna Sabalenka, Jasmine Paolini ndi Zheng Qinwen, ndipo kumeneko mpweya ulipo ndithu.

Ma seed (osewera apamwamba opatsidwa manambala pa maere) akapanda kugwa m'njira, makotafainolo adzakhala motere: Swiatek ndi Vondrousova, Rybakina ndi Pegula, Sabalenka ndi Zheng, Gauff ndi Paolini. Koma zimenezi n'za papepala. Ine ndikukayika ngati theka la mayinawa lidzafikeko.

Ndiyambe ndi mawu amene ena akwiye nawo: Swiatek sapambana chaka chino. Wangotenga kumene Roland Garros, mpikisano waukulu wa ku Paris, kachinayi, wapambana masewera 19 motsatizana kuchokera ku Madrid, kudutsa ku Rome mpaka ku Paris, koma zonsezo n'za pa dothi. Pa kapinga sanasewerepo mpikisano ndi umodzi womwe wokonzekera. Ku Berlin anadzichotsa. Ndiye maere amupatsa Sofia Kenin ndime yoyamba, ndipo mu ndime yachinayi akhoza kukumana ndi Ostapenko, amene wagonjetsa Swiatek kanayi m'masewera anayi amene akumana. Wanga ndi Sabalenka, ngati phewa lamulola. Tiyeni tikangane.

Tadala92

Ndine watsopano pa za tenisi, mundikhululukire. Ndimayesa kuti wa nambala 1 amatetezedwa kuti asakumane ndi akuluakulu koyambirira? Nanga Kenin si uja anapambana Australian Open? Zatheka bwanji?

Mr_Ziwerengero

@Tadala92 achemwali, amatetezedwa kwa ma seed anzake okha. Osewera alipo 128, ndipo 32 apamwamba pa mndandanda wa WTA, bungwe la tenisi ya amayi, ndiwo amapatsidwa ma seed. Wa nambala 1 amaikidwa pamzere woyamba, wa nambala 2 pamzere womaliza, kuti asaonane mpaka fainolo. Wa 3 ndi wa 4 amawachitira maere kuti wina apite pamwamba wina pansi, n'chifukwa chake Rybakina wagwera kwa Swiatek pomwe Sabalenka wagwera kwa Gauff. Ma seed sangakumane okhaokha isanafike ndime yachitatu. Otsala 96 aja amangowamwaza m'mipata. Kenin anapambana ku Melbourne mu 2020, inde, koma pano ali kunja kwa 32, ndiye akanatha kugwera aliyense. Chaka chatha anagwera Gauff ndime yoyamba yomweyo ndipo anamutulutsa.

Tadala92

Zikomo achimwene, ndamvetsa tsopano.

Iga_Basi

A Mlonda, chaka chilichonse nyimbo yanu ndi yomweyi. Kenin ameneyu Iga anamumenya mu fainolo ya Roland Garros mu 2020, anamumenyanso ndime yoyamba ku Australia mu Januwale chaka chomwe chino. Palibe chowopsa apa. Komanso mukuiwala dala kuti Iga anapambana Wimbledon ya atsikana mu 2018. Kapinga wake ndi yemweyu, sanasinthe.

Mlonda_wa_Neti

Aise, kapinga ndi yemweyu koma omenya mpira ndi ena. Vuto la Iga lili pa kagwiridwe ka raketi. Iye amaigwira mopotoza kwambiri kuti forehand yake izizunguliza mpira. Pa dothi mpira wotero umadumpha mpaka m'phewa mwa mnzake, ndipo iye amakhala ndi nthawi yozungulira n'kukoka dzanja lonse. Pa kapinga wometedwa mpaka mamilimita 8 mpira umatsetsereka, umabwera m'mawondo ndiponso mwachangu. Munthu akaumenya mosazunguliza, molunjika ku forehand yake, Iga amachedwa, mpira n'kugunda m'mphepete mwa raketi. Ostapenko amachita zimenezi basi, alibe nzeru ina. Chinanso, pa dothi Iga amatsetsereka ndi phazi pofikira mpira. Pa kapinga wobiriwira wa sabata yoyamba ukayesa zimenezo ugona pansi.

Onani mbiri yake kumeneku: mu 2022 anabwera atapambana masewera ambirimbiri motsatizana, chiwerengero chinafika 37, Alizé Cornet n'kudzamuthera mu ndime yachitatu. Chaka chatha anapulumuka ma match point awiri (pamene pointi imodzi yokha ikanamugonjetsa) kwa Belinda Bencic, kenako Svitolina anamutulutsa mu kotafainolo. Pamenepo ndiye patali pomwe anafikapo.

Mr_Ziwerengero

Ndiwonjezerepo. Mayi womaliza kutenga Roland Garros ndi Wimbledon chaka chimodzi ndi Serena Williams mu 2015. Pakati pa mipikisano iwiriyi pali masabata atatu okha. Ndipo chitengereni Serena mbale yake yomaliza mu 2016, chaka chilichonse wopambana amakhala wina: Muguruza 2017, Kerber 2018, Halep 2019, mu 2020 sunachitike chifukwa cha Covid, Barty 2021, Rybakina 2022, Vondrousova 2023. Palibe anabwereza.

Komanso a Iga_Basi musathamangire kwa Ostapenko. Ndime yachitatu mukhoza kupeza Yulia Putintseva, amene wangopambana ku Birmingham pa kapinga, kapena Angelique Kerber. Awiriwa akumana ndime yoyamba.

Iga_Basi

Putintseva? Kkkk mwasowa choyankhula. Tidzaonana pa 13.

NaBanda

Inu nonse mukungokamba za Iga ndi Sabalenka ngati kuti Ons Jabeur kulibe. Ine mtima wanga uli pamenepo, ndipo ndikunena poyera kuti sindikuyankhula ndi mutu koma ndi mtima. Mafainolo awiri motsatizana pa Centre Court. Mu 2022 anatenga seti yoyamba kwa Rybakina 6-3, kenako zinamuthawa 6-2, 6-2. Chaka chatha ndiye chinandipweteka kwambiri. Anadutsa Andreescu, Kvitova, Rybakina ndi Sabalenka, onse anayi akatswiri a Grand Slam (mipikisano inayi ikuluikulu ya tenisi), zovuta zonse anali atathana nazo, n'kudzagwa 6-4, 6-4 kwa munthu wopanda seed. Tsiku limenelo sanali Ons. Miyendo inalemera, drop shot yake imagwera mu neti, amati akathyola serve ya mnzake nthawi yomweyo n'kutaya yake. Atalandira mbale yaing'ono ija misozi ili chuchuchu, Kate, mkazi wa Prince William, anachita kumusisita pamkono.

Kasewero kake n'kobadwira pa kapinga. Slice yake imayenda chokwawa, ndipo mnzake akabwerera m'mbuyo kudikira mpira wamphamvu, iye amangougwetsa kuseri kwa neti. Wayamba ndi Moyuka Uchijima wa ku Japan. Koma taonani njira yake: Svitolina ndime yachitatu, mwina Pegula yachinayi, Rybakina kotafainolo, kenako Swiatek kapena wina semifainolo. Maere amenewa alibe chisoni.

Agogo_a_Gululi

Mwana wanga NaBanda, pukuta misozi ndikuuze za Jana Novotna. Mu 1993 anali patsogolo 4-1 mu seti yomaliza pa fainolo yolimbana ndi Steffi Graf. Anangotsala pang'ono kuti apange 5-1, dzanja linanjenjemera, anaphonya serve kawiri, ndipo kuchoka apo sanatengenso gemu ndi imodzi yomwe. Polandira mphoto analirira paphewa pa Duchess of Kent, dziko lonse likuona. Mu 1997 anafikanso fainolo, anatenga seti yoyamba, Martina Hingis wa zaka 16 n'kumulanda. Anthu anati mayiyu mantha ake sadzatha. Mu 1998 anabweranso, ali ndi zaka 29, anagonjetsa Nathalie Tauziat n'kunyamula mbale. Fainolo yachitatu. Jabeur naye ali ndi zaka 29 pano. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

NaBanda

Agogo mwandilimbitsa mtima. Nkhani imeneyi ndiisunga.

Mr_Ziwerengero

Agogo, nkhani yanu ndi yokoma, koma Novotna sankadandaula bondo. Jabeur wanena kale kuti sapita ku Olimpiki ya ku Paris chifukwa kusinthasintha mabwalo, kuchoka pa kapinga kubwerera pa dothi kenako pa simenti, kungamuwonongere bondo. Ku Berlin anasiyira panjira masewera ake ndi Gauff atadwala. Chaka chino sanafike fainolo iliyonse, n'chifukwa chake ali seed 10.

Agogo_a_Gululi

Iwe mwana, manambala ako akanakhala kuti amasewera, bwenzi Vondrousova wa nambala 42 atanyamula mbale chaka chatha?

AuntieThoko

Kkkk agogo amuthera. Koma nkhani ya Berlin ija tiikambe bwino, chifukwa kwa ine ndi imene ikulamulira mpikisano uno kuposa maere. Sabata imodzi yokha, Vondrousova anaterereka n'kuvulala m'chiuno akusewera ndi Anna Kalinskaya, anasiya. Rybakina anasiya akusewera ndi Azarenka, m'mimba mutamuvuta, ndipo ku Eastbourne sanapitenso. Sabalenka anasiya chifukwa cha phewa. Jabeur anasiya. Anayiwa ndi amene ndikanawatchula kuti amaudziwa kapinga kuposa ena onse, ndipo onse akulowa London ali ndi kena kake m'thupi. Ndiye funso langa si lakuti wamkulu ndani, koma ndani thupi lake lipirire masewera 7 m'masabata awiri.

Vondrousova akutsegula Centre Court Lachiwiri monga mwa mwambo wa woteteza ukatswiri, ndipo akukumana ndi Jessica Bouzas Maneiro wa ku Spain. Papepala n'zophweka. Koma munthu amene anaterereka masiku angapo apitawo amaponda kapinga mwamantha, ndipo kasewero kake konse kamadalira miyendo.

Agogo_a_Gululi

Graf yemwe uja anatuluka ndime yoyamba mu 1994 akuteteza ukatswiri. Anamutulutsa ndi Lori McNeil. Zimachitika.

Serve_ndi_Volley

Ine wanga ndi Rybakina, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake a Mlonda mwamudumpha. Pa amayi onse ali m'maerewa palibe amene serve yake ikufanana ndi ya iyeyu. Amaponya mpira m'mwamba malo amodzimodzi kaya akufuna kumenya pakati kaya kumbali, ndiye wolandira amangoganizira. Pa kapinga zimenezo zimakupatsa mapointi awiri aulere pa gemu. Chaka chino watenga Brisbane, Abu Dhabi ndi Stuttgart, ndipo ku Stuttgart anagonjetsa Swiatek pa dothi, pamene Swiatek amalamulira. Akakumana mu semifainolo pa kapinga, ine sindikayika.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi matenda. Indian Wells sanasewere, Rome sanasewere. Akadzuka bwino masiku 7 amene akufunikawo, mbale ndi yake. Wayamba ndi Elena-Gabriela Ruse wa ku Romania.

Mwa njira, anthu amaiwala kuti atapambana mu 2022 sanalandire mapointi a pa mndandanda ndi amodzi omwe, chifukwa WTA inachotsa mapointi chaka chimenecho pokwiya ndi kuletsedwa kwa osewera a ku Russia ndi Belarus. Iye anabadwira ku Moscow koma wakhala akuimira Kazakhstan kuyambira 2018. Sabalenka, wa ku Belarus, chaka chimenecho anaonera pa TV.

Mlonda_wa_Neti

Sindinamudumphe achimwene, ndaona njira yake. Rybakina kuti afike fainolo ayenera kudutsa Jabeur kapena Pegula kapena Svitolina, kenako wotuluka ku chigawo cha Swiatek. Sabalenka wayamba ndi Emina Bektas, ndipo seed wamkulu m'chigawo chake ndi Zheng, amene Sabalenka anamugonjetsa mosavuta mu fainolo ya ku Melbourne mu Januwale. Sabalenka wafika semifainolo maulendo awiri omaliza amene anasewera kuno, 2021 ndi 2023, ndipo maulendo onse awiri anatenga seti yoyamba asanagonje, kwa Pliskova ndi kwa Jabeur. Chimene chinkamupha kale ndi serve yachiwiri, koma anaikonza. Njira yake ndi yoyera.

Kamnyamata_ka_Coco

Akuluakulu mwayankhula, tsopano timveniko ife achinyamata. Coco ali nambala 2, malo apamwamba kwambiri amene wafikapo, ndipo maere amuchotsera Swiatek mpaka fainolo. Ameneyo ndiye amamusautsa, amugonjetsa ka 11 pa masewera 12. Rybakina kulibe mbali yake, Jabeur kulibe. Wayamba ndi Caroline Dolehide. Ndipo Sabalenka wanuyo a Mlonda, Coco anamugonjetsa mu fainolo ya US Open chaka chatha atatsalira seti imodzi. Kuno n'kumene dziko linamudziwira, ali ndi zaka 15 mu 2019, pamene anatulutsa Venus Williams.

AuntieThoko

Mwana wanga, kuyambira 2019 imeneyo wadutsapo ndime yachinayi ku Wimbledon? Ayi. Vuto lake ndi la Iga lomwe lija, forehand yofuna nthawi, kuwonjezerapo serve yachiwiri imene imamuthawa zinthu zikathina. Liwiro ali nalo, backhand ndi yoopsa, koma onse amadziwa mbali yoti amenyeko. Ndipo chigawo chake sichopanda minga monga ukunenera: muli Madison Keys, amene wapambana Eastbourne kawiri, muli Emma Navarro, muli Naomi Osaka.

Kamnyamata_ka_Coco

Auntie, Osaka pa kapinga? Sanadutsepo ndime yachitatu kuno, ndipo sanabwereko chichokereni 2019.

AuntieThoko

Pa dothi ankanenanso choncho, koma mwezi watha ku Paris anali ndi match point pa Swiatek mu ndime yachiwiri. Palibe wina anamufikitsa pamenepo mpikisano wonse uja. Wayamba ndi Diane Parry, akapambana mwina Navarro. Ndipo taonani ma wild card (olowetsedwa mwapadera ndi okonza mpikisano) a chaka chino: Osaka, Kerber, Wozniacki, Raducanu, onse akatswiri a Grand Slam. Atatu oyambawo abwerera atabereka. Svitolina chaka chatha anafika semifainolo ndi wild card, mwana wake asanakwanitse chaka.

Serve_ndi_Volley

Raducanu atolankhani a ku Britain amuyamba kale kumukweza kumwamba. Koma kunena chilungamo wasewera bwino mwezi uno: semifainolo ku Nottingham, kenako ku Eastbourne wagonjetsa Pegula, koyamba m'moyo wake kugonjetsa wa mu 10 apamwamba. Taganizani, munthu anatenga US Open mu 2021 asanagonjetsepo wa mu 10. Maere amupatsa Ekaterina Alexandrova, seed 22, womenya mpira molunjika. Ndi ndime yoyamba yovuta.

Tadala92

Nanga Pegula bwanji simukumutchula? Ndaona kuti ndiye anapambana ku Berlin kuja ena onse anadwala.

Mr_Ziwerengero

Anapambanadi, anagonjetsa Gauff mu semifainolo ndipo mu fainolo anapulumuka ma match point asanu kwa Kalinskaya. Mpira wake ndi wotsika, umagwirizana ndi kapinga. Chimene anthu samukhulupirira ndi ichi: wafika kotafainolo ya Grand Slam ka 6, wagonja ka 6. Chaka chatha kuno anali patsogolo 4-1 mu seti yomaliza kwa Vondrousova, n'kutaya magemu asanu motsatizana.

NaBanda

4-1 yomwe ija ya Novotna! Nambala imeneyi ili ndi tsoka ku London.

Paolini_Wamfupi

Ndikudziwa museka, koma ndilembe kuti pasadzakhale wokana. Jasmine Paolini. Wamtali mamita 1.63 okha, zaka 28, ndipo mpaka chaka chatha palibe ankamuwerengera. Chaka chino watenga Dubai, wafika fainolo ya Roland Garros atatulutsa Rybakina, ndipo sabata ino wafika semifainolo ku Eastbourne. Kufupika kumene mukukuona ngati chilema n'kumene kumamuthandiza mpira ukamabwera chotsika, sachita kuwerama ngati anzake ataliatali. Ndipo a NaBanda, ngati mukufuna wa magazi a mu Africa, agogo ake aamuna a kuchimayi ndi a ku Ghana.

Mr_Ziwerengero

Achimwene, Paolini sanapambanepo masewera ndi amodzi omwe mu mpikisano weniweni (main draw) wa Wimbledon. Wabwera katatu, watuluka ndime yoyamba katatu. Ayambe wagonjetsa Sara Sorribes Tormo, amene amabweza mpira uliwonse mpaka iwe utatopa nazo.

Paolini_Wamfupi

Chaka chino chisanafike sanadutsepo ndime yachiwiri ya Grand Slam iliyonse, koma ku Paris tinamuona mu fainolo. Manambala akale sakumudziwa munthuyu.

Mlonda_wa_Neti (Loweruka, 29 Juni)

Amene mukufuna masewera okoma a ndime yoyamba, musaphonye Ostapenko ndi Ajla Tomljanovic. Awiriwa anakangana pa bwalo lomweli mu 2021, Ostapenko atapempha dokotala mu seti yomaliza ali kumbuyo 4-0, Tomljanovic n'kuuza woyimbira kuti mnzakeyo akunama. Pogwirana chanza pa neti anapitiriza kulalatirana. Maere awabwezeretsa pamodzi. Palinso Paula Badosa ndi Karolina Muchova, onse ochokera kovulala, komanso Mirra Andreeva ndi Brenda Fruhvirtova, onse a zaka 17. Azarenka ndi Sloane Stephens nawonso.

Kasatkina watenga Eastbourne lero, wagonjetsa Leylah Fernandez. Ku Bad Homburg Diana Shnaider wagonjetsa Donna Vekic.

Serve_ndi_Volley

A Mlonda, mwamva zimene wanena Sabalenka wanu kwa atolankhani lero? Akuti sali bwino kwenikweni, ndipo sanatsimikize kuti asewera Lolemba. Ndi mnofu wa kuseri kwa phewa. Akuti zina zonse akutha kuchita, koma ululu umabwera pa serve. Pa serve penipeni, pa kapinga!

Mlonda_wa_Neti

Ndamva. Osewera amakonda kudzichepetsa mpikisano usanayambe kuti achotse katundu pamutu. Ndikadali naye.

Tadala92

Funso lina laling'ono: wopambana amalandira zingati? Ndipo ndi zofanana ndi za abambo?

AuntieThoko

Chaka chino ndi mapaundi 2.7 miliyoni, amayi ndi abambo chimodzimodzi. Wotuluka ndime yoyamba amapita ndi mapaundi 60,000. Kufanana kumeneku kunayamba mu 2007, ndipo Venus Williams ndi amene analimbikira kwambiri, n'kukhalanso woyamba kulandira. US Open inali itayamba kale mu 1973.

Agogo_a_Gululi

Poti aliyense watchula wake, ine ndinene kuti musawachotse maso ana a ku Czech. Dziko limenelo kapinga limamudziwa: Navratilova anabadwira kumeneko ndipo anatenga mbaleyi ka 9, Novotna, Kvitova kawiri, Vondrousova. Kvitova kulibe chaka chino, ndi woyembekezera. Koma alipo Muchova, Pliskova, Siniakova, Noskova, ndi Barbora Krejcikova amene anaphunzitsidwa ndi Novotna yemwe.

Iga_Basi

Agogo, Krejcikova chaka chino wangokhalira msana ndi matenda, pa dothi sanapambane ndi kamodzi komwe. Ali seed 31, ndipo wayamba ndi Kudermetova. Mwina mu doubles.

Serve_ndi_Volley (Lolemba, 1 Julayi)

A Mlonda muli kuti? Sabalenka wadzichotsa. Phewa lakana. Malo ake walowa Erika Andreeva, mkulu wake wa Mirra, amene anagonja mu qualifying, masewera olimbirana malo mu mpikisano. Azarenka nayenso watuluka ndi phewa, ndipo Alexandrova wadwala, ndiye Raducanu akumana ndi Renata Zarazua wa ku Mexico.

Kamnyamata_ka_Coco

Mbali ya pansi yonse yatsala ya Coco!

AuntieThoko

Khala pansi iwe, ayambe wadutsa Dolehide madzulo ano. Koma chigawo cha Sabalenka chatseguka zedi. Zheng, Sakkari, Kasatkina, ngakhale Vekic kapena Raducanu, mmodzi wa amenewa akhoza kudzapezeka mu semifainolo.

Mlonda_wa_Neti

Ndili pano, ndikumva kuwawa. Ndasamukira kwa Rybakina, a Serve_ndi_Volley sunthani pang'ono ndikhale nawo. Koma za Swiatek sindinasinthe. Zheng akusewera lero ndi Lulu Sun wa ku New Zealand, wochokera mu qualifying, wamanzere. Alipo amene anamuonapo akusewera?